Bondo lachitsulo lili ndi nthawi yake

M'mabanja ambiri a kuno ku Kasungu muli munthu amene aliyense amadziwa kuti miyendo inamutha. Ena ndi agogo amene anasiya kupita kumaliro akutali, ena ndi bambo amene podzuka pampando amayamba agwira kaye khoma. Kale nkhani inkathera pomwepo: ndi nyamakazi, ndi ukalamba, muziwathowa ndi madzi otentha. Masiku ano siithera pamenepo, chifukwa tonse tinamva kuti madokotala amatha kuika bondo kapena nyung'unyu yachitsulo, ndipo akuchita zimenezi m'Malawi momwe muno. Ndiye pagulu la WhatsApp la banja pamabuka mkangano. Amene ali ku Joni amati tichite changu, ndalama tisonkha. Amene ali kumudzi amati munthu wamkulu chonchi akamugoneka sadzukanso. Mwini mwendo nthawi zambiri safunsidwa n'komwe.

Kwathu funsoli linagwera anthu awiri, mayi anga aakulu amene amakhala cha ku Chamama, ndi alamu anga, mlimi wa fodya wa ku Santhe amene sanafike zaka 50. Wamkuluyo anauzidwa kuti adikire, wamng'onoyo anauzidwa kuti nthawi yakwana. Abale ambiri anaona ngati madokotala asokoneza, koma ine ndikaganizira bwino ndimaona kuti pawiri ponse anaweruza molondola.

Kunsonga kwa mafupa amene amakumana pabondo kuli kachikuto koyera, kosalala ndi koterera, kamene madokotala amati cartilage. Kachikuto kameneka kalibe mitsempha ya magazi, choncho kakaperepeseka sikamereranso. Kakatha, fupa limakhulana ndi fupa linzake. Bondo limatupa, limauma m'mawa, limalira pokwera chitunda, ndipo pakapita zaka miyendo imayamba matewe. Pa opaleshoni sachotsa bondo lonse monga ambiri amaganizira. Amasema nsonga zothazo, n'kuzivindikira ndi chitsulo, pakati n'kuikapo pulasitiki wolimba, ndipo kawirikawiri amamata ndi simenti yapadera ya mafupa. Minofu ndi mitsempha ya m'mbali imatsala yanu yomwe ija. Panyung'unyu amadula mutu wobulungira wa fupa la ntchafu, n'kulowetsa chitsulo m'kati mwa fupalo chokhala ndi mutu watsopano, ndipo m'fupa la chiuno amaikamo kachikho koti mutuwo uzizungulirako. Amene anakhazikitsa njira imeneyi ndi dokotala wa ku England, John Charnley, pa chipatala cha Wrightington m'chaka cha 1962. Kuno kwathu chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chinayamba kuchita maopaleshoni amenewa, ndipo mu 2005 anakhazikitsa kaundula wolembamo anthu oikidwa mawondo ndi nyung'unyu kuti aziona mmene akukhalira zaka zikamapita. Mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, pafupi ndi Kamuzu Central, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa Kasungu boma. Koma madokotala aakulu a mafupa akadali ochepa kwambiri, ndipo m'zipatala za m'maboma amene amayamba kukuonani ndi ma clinical officer a mafupa, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985.

Mayi aakulu atafika kwa dokotala wa mafupa, anawajambula ekisileyi ataimirira, chifukwa munthu akagona mpata wa pakati pa mafupa umaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Chithunzi chinatuluka choopsa ndithu. Mbali ya m'kati mwa bondo lamanja mafupa anali atagundana, ndipo ngakhale ine wosadziwa za chipatala ndinaona. Koma dokotalayo anachiyang'ana kanthawi kochepa, n'kutembenukira kwa mwini wake.

"Amayi, usiku mumagona tulo?"

"Ndimagona, mwanangu, kupatula tsiku limene ndachokera kudimba."

"Kumjigo mumafika nokha?"

"Ndimafika, koma ndowa ndinasiya kusenza. Amasenza adzukuluwa."

Anawafunsanso ngati amatha kuvala okha, kusamba okha, ndiponso ngati kutchalitchi amapitabe. Kenaka anati, "Bondoli latha ndithu, amayi. Koma poti mukugona tulo ndiponso mukudziyendera, mpeni udikire kaye."

Abale ena anakhumudwa, chifukwa ndalama zinali zitayamba kale kusonkhedwa. Koma n'zodziwika kwa madokotala kuti chithunzi ndi ululu sizimayendera limodzi nthawi zonse. Pali anthu amene ekisileyi yawo ndi yomvetsa chisoni koma akupalirabe munda, ndipo pali ena amene chithunzi chawo chili bwinoko koma ululu ukuwaliza. Ku Denmark anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2015. Anatenga anthu 100 amene onse anali oyenera kuikidwa bondo, theka anawachita opaleshoni, theka linalo anangowapatsa mafizo, uphungu wa kadyedwe ndi mankhwala. Ochitidwa opaleshoni aja ululu unawachepera kwambiri kuposa anzawo, zimenezo sitingatsutse, koma ndi iwonso amene anakumana ndi zovuta zikuluzikulu zochuluka. Ndipo mwa amene sanachitidwe, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anatha chaka osaifunanso opaleshoniyo.

Ndimadandaula kuti zinthu zimene munthu ayenera kuyesa asanaganize za mpeni ife timazipeputsa chifukwa n'zosadula. A fizo anawaphunzitsa mayi aakulu kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuugwira m'mwamba akuwerenga mpaka khumi, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Amachita zimenezi pakhonde m'mawa uliwonse akudikira madzi a tiyi. Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ikalimba imalandirako katundu wa bondo. Anawauzanso kuti ndodo aziigwira ndi dzanja lamanzere, mbali ya mwendo wabwino, pamene iwo zaka zonsezi ankaigwirira mbali yopwetekayo. Za thupi nazonso n'zoona ngakhale sitikonda kuzimva, poti kwathu kuno kunenepa timakuona ngati mtendere: kilogalamu imodzi imene munthu wataya imapeputsa bondo ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa phazi lililonse limene waponda.

Chimene timathamangira ndi mapiritsi a pagolosale. Bufeni, indosidi ndi diclofenac amathandiza ndithu, koma munthu wamkulu amene akumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, nthawi zina mitundu iwiri pamodzi ndiponso m'mimba mulibe kanthu, akuika pachiswe impso zake, akhoza kuchita zilonda za m'mimba, ndipo BP imakwera. Ena amapita kukatemera mphini pabondo. Sindikufuna kunyoza aliyense, chifukwa ululu umamufikitsa munthu kulikonse, koma dziwani kuti dokotala sangaike chitsulo pansi pa khungu limene lili ndi zilonda zosapola. Ngakhale jakisoni wa steroid amene amabaya m'bondo kuchipatala, amene amaziziritsa ululu kwa masabata angapo, madokotala amafuna kuti papite miyezi itatu chibayireni asanachite opaleshoni, poopa tizilombo.

Nanga nthawi imakwana liti? Mmene ndikumvera, imakwana pamene zonsezi zayesedwa mokhulupirika kwa miyezi ingapo koma ululu ukupitiriza kumulanda munthu moyo wake. Akudzuka pakati pa usiku chifukwa cha ululu ngakhale sanayende. Kuchoka m'nyumba kupita kubafa ndi ulendo woti akonzekere. Wasiya kupita kumsika, kumpingo, kumaliro a m'mudzi momwemo, ndipo wayamba kudalira mwana wa sukulu kuti amuveke. Apo ekisileyi nayo ikagwirizana ndi zimene munthuyo akunena, palibe chifukwa chomuzunzira ndi mawu oti pirirani. Kudikira mopyola kulinso ndi mtengo wake. Munthu akafika pokwawa, minofu imafota, bondo limauma lili chopindika, mwendo winawo ndi msana zimawonongeka chifukwa chotsimphina, ndipo opaleshoni ikadzachitika mochedwa chonchi sibweza zonse zimene zinatayika.

Amene akuganiza zochitidwa ayeneranso kuuzidwa chilungamo chonse. Bondo lachitsulo silikhala ngati limene munabadwa nalo. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse oikidwa bondo amatsalabe ndi ululu kapena sakhutira ndi zotsatira zake. Panyung'unyu zimayenda bwinopo, otsala ndi ululu ndi pafupifupi mmodzi mwa khumi. Mmodzi kapena awiri mwa anthu 100 tizilombo timalowa pachitsulocho, ndipo zikatero si nkhani ya mapiritsi a masiku asanu: nthawi zina amatsegulanso, kuchotsa zonse, n'kudzaika zina patapita miyezi. Magazi amathanso kuundana m'mitsempha ya mwendo. N'chifukwa chake shuga ayenera kukhala atatsika, BP ili m'malo mwake, dzino lobooka litazulidwa kapena kumatidwa, ndipo wosuta asiye, ngakhale kuno kwathu fodya ndiye chuma.

Koma nkhani imene ndimaona kuti ndi yathuyathu, imene mabuku olembedwa ku Ulaya saiganizira, ndi ya nyumba imene wodwalayo akubwerera. Zitsulo zimenezi anazipangira anthu amene amakhala pampando, amagona pabedi lalitali ndipo chimbudzi chawo n'chokhalira. Mayi wa ku Chamama tsiku lake lonse lili pansi. Amaphika atanyonyomala pamafuwa, amatongola chimanga ndi kusenda mtedza atakhala pamphasa miyendo atatambasula, amagwada popereka madzi kwa alendo ndi popemphera, pamaliro amagona pansi pamodzi ndi amayi anzake, ndipo chimbudzi n'chokumba, chofunika kunjuta. Bondo loikidwa kawirikawiri limapinda mpaka madigiri 110 kapena 120, okwanira kukhala pampando ndi kukwera masitepe, koma osakwanira kunjuta mpaka pansi. Ambiri kugwada kumawavuta moyo wawo wonse. Panyung'unyu vuto lake ndi lina: miyezi yoyambirira, munthu akakhala pansi kwambiri, akawerama mopyola kapena akapingasa miyendo, mutu wachitsulo uja ukhoza kuguluka m'kachikho kake, ndipo ukaguluka muli ku Chulu kapena ku Kaluluma usiku, mudzamvetsa kutalika kwa Lilongwe.

Choncho banja limene likusonkha ndalama za opaleshoni lisonkherenso za kalipentala ndi mmisiri womanga. Pafunika mpando wamatabwa wobowola pakati woika pachimbudzi, ndi mtengo wogwirira wokhomera kukhoma. Pafunika bedi lofika m'mawondo, mpando wautali wapakhonde, ndi mbaula yoikidwa pamwamba. Pafunikanso munthu, osati gadiyani wa masiku a kuchipatala okha, koma woti akhale naye masabata asanu ndi limodzi oyendera ndodo ziwiri. Walira mvula walira matope: mafizo a pambuyo pa opaleshoni ya bondo amawawa, ndipo munthu akaleka kulipinda masabata oyambirirawo chifukwa cha ululu, limauma, ndalama zonse zija n'kupita pachabe. Kuchira kwenikweni kwa bondo kumatenga miyezi yambiri, ena mpaka chaka. Mayi aakulu atafotokozeredwa zimenezi anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Ndiye kuti pamaliro ndizikakhala pampando ngati mfumu, anzanga ali pansi?" Ena anaseka, koma funso limenelo ndi lolemera. Kwa iwo kukhala pansi ndi anzawo ndi gawo la umunthu wawo, ndipo ndi iwo okha amene angayeze ngati ululu wafika poti angasinthanitse ndi zimenezo. Pakadali pano akuti sunafike. Ukadzafika adzanena okha, ndipo tinagwirizana kuti tsikulo palibe adzawakanize.

Za alamu anga zinali zina. Iwo ululu unayambira m'mphechepeche, n'kumatsikira kutsogolo kwa ntchafu mpaka pabondo, moti kwa nthawi yaitali ankathowa bondo limene linalibe vuto. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, nyung'unyu yodwala imatha kumvekera pabondo, monganso ululu wa kumatako wotsikira kuseri kwa mwendo nthawi zambiri umachokera kumsana. Anayamba kulephera kukwera njinga, kenaka kumanga zingwe za nsapato, kenaka makeni othirira nazale anawasiyira ana. Mwendo umodzi unafupika, moti buluku linkakwekwereza pansi mbali imodzi. Ekisileyi inaonetsa kuti mutu wa fupa la ntchafu unafa chifukwa magazi anasiya kufikako, ndipo unali utaphwanyika kale. Matenda amenewa amagwira anthu a zaka zapakati, ndipo zimene zimawayambitsa kawirikawiri ndi mowa wambiri, mankhwala a steroid monga prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, sickle cell, HIV, kapena kuvulala kwakale. Alamu anamwa prednisolone kwa zaka chifukwa cha mphumu, wongogula okha osaonana ndi dokotala. M'kaundula wa ku Blantyre uja anapeza kuti ambiri mwa oikidwa nyung'unyu m'Malawi vuto lawo linali lomweli, ndipo anapezanso chinthu cholimbitsa mtima, choti anthu amene ali ndi HIV koma akulandira chithandizo anachira bwino ndithu. Munthu asadzichotse yekha pamzere chifukwa choti ali pa ma ARV.

Vuto la alamu linali msinkhu. Chitsulo ndi pulasitiki zimatha ngati tayala la njinga, woyenda kwambiri ndi wonyamula katundu amalimaliza msanga. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti mwa mawondo 100 oikidwa, pafupifupi 82 amafika zaka 25 akugwirabe ntchito, ndipo mwa nyung'unyu 100 zimafika ndi 58. Kafukufuku wina wa ku England wa mu 2017 anaonetsa kuti munthu woikidwa atapitirira zaka 70, mpata woti adzafune opaleshoni yachiwiri ndi pafupifupi 5 pa 100, pamene kwa amuna a zaka zongopitirira 50 oikidwa bondo umafika 35 pa 100. Opaleshoni yachiwiriyo ndi yovuta, yodula, ndipo zipangizo zake sizipezeka wamba kuno. Ndiye wina akhoza kunena kuti alamu akanadikira. Koma adikire chiyani? Mutu wa fupa ukaphwanyika subwereranso, mafizo sangaudzutse. Akanakhala zaka 15 ali pakhonde, ana anayi ali pasukulu, munda ukugona. Mlongo wanga ndiye anadula nkhani. Anati, "Bambo a ana, zaka zimene mukufuna mwendo ndi zinozi. Za opaleshoni yachiwiri tidzaziona tikadzafika." Dokotala anagwirizana nazo, koma anawauza mosabisa kuti mabelo asadzasenzenso ndipo zodumpha pangolo zatha. Lero amakhala m'chigafa pa mpando wautali umene anakhometsa, akusankha fodya ndi kuyang'anira odinda, ndipo usiku amagona.

Ndalama ndi nkhani imene sitingaizembe. Zitsulozi zimachokera kunja, zimagulidwa ndi madola, ndipo kuzipatala zolipira mtengo wake ndi mamiliyoni ambiri a kwacha. Kuzipatala za boma madokotala omwewo ndi amene akulimbana ndi ovulala pa ngozi za kabaza ndi maminibasi, choncho wa nyamakazi amadikira. Njira yake ndi kuyambira pachipatala cha boma lanu, kulembedwa m'buku la kuchipatala ndi kutumizidwa, kusiyana n'kungotulukira ku Lilongwe opanda kalata. Ndimachita mantha ndi mabanja amene amagulitsa munda kapena ng'ombe zonse kuti alipire opaleshoni, osasiya kalikonse ka mayendedwe obwerera kukaonedwa, ka mafizo, kapena ka tsiku limene bala lingayambe kutuluka madzi. Opita ku India nawonso aganizire za yemwe adzawaone akabwerako, ndipo asachoke kumeneko opanda mapepala osonyeza mtundu ndi kukula kwa chitsulo chimene awaika, chifukwa dokotala wa kuno adzawafuna. Ngati pali mwayi wosankha nthawi, miyezi ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti ndi yabwino kwa mlimi wa ku Kasungu: zokolola zili m'nyumba, fodya wapita ku Chinkhoma, misewu ya kumudzi yauma, ndipo ndodo sizititimira m'matope.

Zonse ndanenazi ndi za ululu umene umabwera pang'onopang'ono, umene umapatsa banja mpata wokambirana. Pali vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi limeneli. Agogo akaterereka kubafa kapena pakhonde n'kulephera kuimirira, akudandaula m'mphechepeche, mwendo ukuoneka wofupika ndipo phazi lagwera kunja, kawirikawiri ndiye kuti khosi la fupa la ntchafu lathyoka. Apa palibe zodikira kuti fodya agulitsidwe kapena kuti a ku Joni ayankhe foni, ndipo kuthowa kapena kukoka mwendo kunyumba kumangowonjezera ululu. Fupa limeneli mwa okalamba nthawi zambiri sililumikizana lokha, ndipo chimene chimawapha si fupalo ayi, koma kugona pamphasa masabata ambiri: chibayo, zilonda za kumsana ndi magazi oundana. Madokotala amafuna kuchita opaleshoni yotere m'masiku oyambirira enieni, kawirikawiri poika mutu wachitsulo wokha, kuti munthuyo adzuke msanga. Agonekeni pa chinthu cholimba monga chitseko, musawakhazike panjinga, ndipo pezani galimoto yopita nawo kuchipatala cha boma tsiku lomwelo.